Chiweto Chimene Timati Chimadziweta Chokha



Pakati pa ziweto zonse zimene zili m'midzi yathu ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, palibe chimene timachidalira kawirikawiri koposa nkhuku, ndiponso palibe chimene timachisamala mochepa koposa nkhuku yomweyo. Ng'ombe ili ndi woiweta kubusa, mbuzi timaimangirira dzinja lonse kuti isalowe m'minda, nkhumba timaitungira madzi ndi kuipatsa gaga. Koma nkhuku timati imadziweta yokha. Imadzuka yokha, imapalasa yokha kudzala, imamwa madzi otsukira mbale, ndipo madzulo imakwera mumtengo kapena kulowa m'khitchini. Timaikumbukira pamene mlendo wafika, pamene mwana akusowa makope a kusukulu, ndi pamene wodwala akufunika ndalama ya njinga yamoto yopita naye kuchipatala. Pa tsiku lotero banja lonse limathamangitsa nkhuku kuzungulira nkhokwe, ndipo ikagwidwa vuto lija limapepuka.

Ife amene timayendera mipingo ndi milaga tadya nkhuku zambiri m'makomo mwanu. Tikudziwa kuti nthawi zina nkhuku imene imaphedwa chifukwa cha ife siikhala imodzi mwa zambiri, koma imodzi mwa ziwiri kapena zitatu zimene zidapulumuka chaka chatha. N'chifukwa chake taona kuti n'koyenera kuti tikambiraneko za chiweto chimenechi, ngakhale ena angaone ngati ndi nkhani yaing'ono. Buku la Miyambo, pa mutu 12 ndime 10, limayesa munthu wolungama poona mmene amasamalira chiweto chake, ndipo silisiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono.

Tiyambe taganizira za mwini wa nkhuku. Palibe munthu amagulitsa ng'ombe kuti agule sopo ndi mchere, ndipo mabanja ambiri alibe ng'ombeyo. Nkhuku ndiyo ndalama ya tsiku ndi tsiku ya pakhomo, ndipo kawirikawiri imakhala m'manja mwa amayi, amasiye, agogo olera zidzukulu, ndi ana amene adapatsidwa msoti ndi amalume awo. Matenda akasesa nkhuku m'mudzi, anthu amenewa ndiwo amataya chuma chawo chonse m'sabata imodzi. Vuto lotsatira likafika, chotsala ndicho kutapa chimanga m'nkhokwe n'kugulitsa motchipa, kapena kupita kwa okongoza ndalama za katapila. Njala ya mu Januwale ndi Febuluwale nthawi zina imayambira pa nkhuku zimene zidafa mu Okutobala.

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Thadzi lachikuda limayamba kuikira likakwana miyezi 6 kapena 7. Limaikira mazira 10 mpaka 15, limafungatira masiku 21, limalera anapiye kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenaka limayambanso. Pa chaka likhoza kuswa katatu. Kunena kwina, thadzi limodzi likhoza kutipatsa anapiye pafupifupi 30 pa chaka, ndipo khomo la mathadzi atatu likanayenera kudzaza ndi nkhuku. Nanga n'chifukwa chiyani chaka ndi chaka timangokhala ndi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri? Zina zija zimapita kuti? Zimatuluka pa makomo atatu: khomo la chitopa, khomo la zilombo ndi chisanu pamene zili anapiye, ndi khomo la njala ndi tizirombo toyamwa magazi. Makomo onse atatuwa tingathe kuwatseka ndi manja athu.

Khomo lalikulu ndi chitopa, chimene ena amati chideru. Tonse timazidziwa zizindikiro zake. Nkhuku imazyolika, mapiko amagwa pansi ngati yavala jekete, imasiya kudya, chitosi chimakhala chamadzi ndi chobiriwira, imapuma movutika ndi kutsegula kukamwa, ndipo ina khosi limapindika n'kumayenda chozungulira. Zina zimangopezeka zitafa m'mawa popanda chizindikiro. M'khola losatemera nthendayi ikhoza kupha theka, ndipo nthawi zambiri imapha zonse. Akatswiri adaizindikira koyamba mu 1926, pa chilumba cha Java ndi mu mzinda wa Newcastle ku England, ndipo n'chifukwa chake alangizi amaitchula ndi dzina la mzinda umenewo.

Popeza chitopa chimakonda kufika m'chilimwe, pamene mphepo ya fumbi ikuomba, ambiri timati chimabwera ndi mphepo. Koma choyambitsa chake ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'chitosi, m'mamina ndi m'thupi la nkhuku yodwala, ndipo kuchoka mudzi wina kufika mudzi wina kamanyamulidwa ndi anthu. Kamakwera njinga m'dengu la wogulitsa nkhuku. Kamabwera ndi tambala amene tagula pamsika, kapena nkhuku ya mphatso yochokera kwa apongozi. Kamamatirira ku mapazi ndi ku nsapato. Kamatsalira m'nthenga, m'matumbo ndi m'madzi amene tatsukira nkhuku yodwala n'kuwataya pabwalo pamene zinzake zikupalasa. Misika ya m'malire monga ya ku Calómuè ndi Biri-Biri imasonkhanitsa nkhuku za mbali zonse ziwiri, ndipo kachirombo sikafunsidwa chiphaso.

Apa pali nkhani imene tiyenera kuinena poyera. Munthu akaona kuti nkhuku yake imodzi yazyolika, amamanga zotsalazo msangamsanga n'kuthamangira nazo kumsika kuti apulumutse ndalama yake. Tikumvetsa mantha ake, pakuti palibe amene amafuna kutaya chake. Koma wogula uja amapita kwawo atanyamula imfa ya nkhuku za mudzi wonse, ndipo mwina ndi mayi wamasiye amene wagulitsa nyemba zake kuti ayambe kuweta. Kugulitsa nkhuku yochokera m'khola lodwala osauza wogula sikusiyana ndi kuyeza chimanga pa sikelo yonyenga. Pamene chitopa chalowa m'mudzi, nkhuku isatuluke ndipo isalowe kufikira patapita mwezi chifere yomaliza. Zakufa tizikwirire m'dzenje lakuya kumene agalu sangafukule, kapena tiziotche. Nkhuku yatsopano iliyonse, ngakhale yooneka yathanzi, ikhale payokha kwa masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.

Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Tsabola, alovera, phulusa, ngakhale makapisozi a anthu amene ena amasungunula m'madzi, zonsezi sizipha kachirombo kameneka. Nkhuku imene yachira itamwa zimenezi ikadachira ndithu ngakhale popanda izo. Makapisoziwo tikamawagwiritsa ntchito mwachisawawa timangowafooketsa mphamvu, kotero kuti tsiku limene mwana adzawafune sadzamuthandiza bwino. Chimene chilipo ndi katemera. M'dziko lathu lino katemera amene amafika kumidzi amatchedwa I-2. Adakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Queensland ku Australia, ndipo boma lidayamba kumupangira ku Maputo kuti afike kwa alimi ang'onoang'ono. Ubwino wake ngwakuti amapirira kutentha koposa akatemera ena, kotero kuti wotemera akhoza kuyenda naye m'midzi yopanda magetsi atamukulunga m'kansalu konyowa ndi kumubisa kudzuwa. Sabaya ndi jakisoni: ndi dontho limodzi m'diso limodzi, kwa tambala wamkulu ndi kwa kamwanapiye kongoswedwa kumene chimodzimodzi. Nyama ndi mazira a nkhuku yotemera zimadyedwa popanda vuto.

Mphamvu ya dontholi imayamba kugwira patapita sabata imodzi kapena awiri, ndipo imachepa pakatha miyezi inayi. N'chifukwa chake ntchito yotemera idaikidwa katatu pa chaka, mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Wotemera kamodzi n'kuleka ali ngati wopalira munda kamodzi dzinja lonse. Tamva ena akunena kuti katemera ndiye adapha nkhuku zawo. Tikafunsitsa timapeza kuti wotemera adaitanidwa nkhuku zitayamba kale kufa m'mudzimo, pamene kachirombo kadali katalowa kale m'matupi mwa zooneka zathanzi. Katemera ndi mpanda, ndipo mpanda umamangidwa mbuzi zisanalowe m'dimba. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Ndalama imene wotemera amalandira pa nkhuku imodzi ndi yochepa zedi poyerekeza ndi mtengo wa tambala mmodzi. Madzulo a tsiku lotsatizana ndi katemera tizitsekere nkhuku zonse, ndipo m'mawa tisazitsegulire kufikira wotemera atafika, pakuti iye sangathe kuthamangitsa nkhuku khomo lililonse.

Tichenjezanenso za nthenda ina yofanana ndi chitopa, ndiyo chimfine cha mbalame. Mu 2023 nthendayi idapha nkhuku zambiri ku South Africa, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho idapezeka ku Morrumbene m'chigawo cha Inhambane, kumene nkhuku zoikira mazira zikwizikwi zidaphedwa ndi kuotchedwa. Ndi maso okha sitingathe kusiyanitsa nthenda ziwirizi, koma chimfine cha mbalame chikhoza kugwira ndi munthu yemwe. Chotero nkhuku zikafa zambiri mwadzidzidzi, makamaka zotemera, tisazidye, ana asazigwire, ndipo tidziwitse amfumu ndi alangizi a ziweto a ku ofesi ya SDAE ya boma lathu. Tikudziwa kuti n'kovuta kukwirira ndiwo pamene m'nyumba muli masamba okhaokha, koma nkhuku yofa yokha si ndiwo.

Khomo lachiwiri ndi la anapiye. Thadzi likaswa anapiye 10, patapita mwezi timaona likuyenda ndi anayi kapena atatu, ndipo timangoti ndi mmene zimakhalira. Mphamba ndi kabawi amatola ena masana, khwangwala amatenga wake, likongwe ndi vumbwe amabwera usiku, makoswe ndi njoka amalowa m'chisa. Ena amafa chifukwa make wawayendetsa m'mame a m'mawa, ndipo kuno kumapiri chisanu cha mu Juni ndi Julayi sichichitira chifundo kamwanapiye konyowa. Ena amagwera m'ndowa. Chithandizo chake n'chapafupi: thadzi ndi ana ake zikhale m'kampanda kakang'ono kofolera, kapena pansi pa dengu lalikulu loluka motalikitsa, kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo tizilisuntha tsiku ndi tsiku kuti likhale pouma ndi poyera. Madzi tiwaike m'mbale yosazama, titaponyamo timiyala kuti anapiye asamire. Amene angapulumutse anapiye asanu ndi awiri m'malo mwa atatu wachulukitsa nkhuku zake koposa kawiri popanda kugula ngakhale imodzi.

Kusamala kumayambira pa mazira. Thadzi lachikuda silingafunditse bwino mazira oposa 10 kapena 12. Tikaliunjikira 18, a m'mphepete amazizira ndi kusukusa. Tisankhe mazira atsopano, osapitirira sabata imodzi kapena masiku 10, osasweka ndi osadetsedwa, tiwalembe chizindikiro ndi khala, ndipo otsalawo apite kukhitchini. Chisa chikhale pamthunzi, pamalo a phee, ndipo pafupi pakhale madzi ndi chakudya kuti thadzi lisachokepo nthawi yaitali. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10. Atambala ochuluka amangomenyana ndi kutha chakudya. Amenewo ndiwo oyenera kugulitsa ndi kuphera alendo, osati thadzi lodziwa kulera. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri n'kwabwino kusinthana tambala ndi khomo lina, kuti asamakwere ana ake omwe, pakuti mtundu umafooka.

Khomo lachitatu ndi la njala ndi tizirombo. Nthawi yokolola nkhuku imakhuta pafupi ndi nkhokwe, ndipo m'dzinja imapeza ziwala ndi nyongolotsi, koma mbewu zimasowa. M'chilimwe zonse ziwiri zimachepa. Dzanja limodzi la gaga kapena misere m'mawa ndi madzulo limasintha zambiri, ndipo la madzulolo limaphunzitsa nkhuku kubwerera kukhola pa nthawi yake. Komabe gaga yekha amangodzaza mimba. Dzira ndi mnofu zimafuna chakudya chomanga thupi: chiswe, inswa, zinyenyeswa za usipa, mpendadzuwa, ndi soya amene ambiri timalima. Soya ayambe wakazingidwa ndi kusinjidwa, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika m'mimba. Chiswe tingachikole motere: tidzaze mphika wakale ndi mapesi, ndowe zouma ndi zitsotso, tiwaze madzi pang'ono, tiuvundikire madzulo pamene pali njira ya chiswe, ndipo m'mawa tikakhuthulire anapiye. Masamba a bonongwe, chisoso ndi nkhwani amapatsa mphamvu yolimbana ndi matenda. Zigoba za mazira tiziotche ndi kuzisinja tisanazipereke, kuti ziwalimbitse mazira popanda kuphunzitsa thadzi kujompha ake omwe. Chimanga chochita chuku tisapatse nkhuku poganiza kuti izo sizidwala nacho, pakuti poizoni wake amaononga chiwindi. Ndipo madzi oyera asasowe tsiku lililonse. Nkhuku yaludzu imaleka kuikira msanga kuposa yanjala.

Utitiri, nsabwe ndi nthata zimayamwa magazi usiku ndi usana, kufikira thadzi lithawa mazira ake litatsala pang'ono kuswa. Nkhufi zimabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'makungwa a mitengo ya khola masana, n'kutuluka usiku. Mankhwala ake oyamba ndi tsache ndi phulusa. Khola lisesedwe kawiri kapena katatu pa sabata, pansi pawazidwe phulusa, ming'alu imatidwe, mitengo yomangira isendedwe makungwa, ndipo udzu wa m'chisa uotchedwe thadzi likangoswa. Pakhale malo ouma a mchenga wosakaniza ndi phulusa pamene nkhuku zingasambe fumbi. Nthata zomatirira m'mbali mwa maso zimafa tikazipaka Vaseline, ndipo miyendo yochita mamba imachira tikamaipaka mafuta ophikira kangapo. M'dzinja udzudzu umafalitsa nthomba, imene imatulutsa zilonda zouma pankhope; nthendayi ili ndi katemera wakewake, wosiyana ndi wa chitopa. Chitosi cha magazi mwa anapiye chimachokera kawirikawiri ku khola lonyowa. Pa izi ndi pa njoka za m'mimba tifunse alangizi mankhwala oyenera a ziweto ndi muyeso wake. Safunsa adadya phula.

Zonsezi zimafuna khola. Khola labwino silifuna simenti kapena malata atsopano. Limangidwe pa nsanamira zotalika ngati mita imodzi, ndipo nsanamira iliyonse ivekedwe chitini choyang'ana pansi kuti makoswe ndi njoka zisakwere. Denga lisadonthe, mphepo izilowa koma osaomba nkhuku mwachindunji, pakhale mitengo yopingasa yogonapo, ndipo chitseko chikhale chachikulu kuti dzanja ndi tsache zifike ponseponse. Tikudziwa chifukwa chake ambiri amagoneka nkhuku m'nyumba: akuba. Mantha amenewo si achabe, ndipo khola liyenera kukhala pafupi ndi nyumba, lokhoma bwino. Koma tikumbukire mwana wokwawa amene amatola chilichonse n'kuika m'kamwa. M'chitosi muli tizirombo totsegula m'mimba, ndipo mwana wotsegula m'mimba kawirikawiri sakula bwino. Chitosi chomwecho chikagwera pansi pa khola n'kusonkhanitsidwa chimasanduka manyowa amphamvu kuposa a ng'ombe. Chiyambe chaola chisanapite kudimba, chifukwa chachiwisi chimaotcha mbewu.

Tsopano tifunsane: nkhuku zikachuluka, adye ndani? Kafukufuku wa zaumoyo amene boma lidachita mu 2022 ndi 2023 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko lino, 37 ndi opinimbira. Izi zimachitika ngakhale m'maboma ngati athu, odzaza ndi chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, chifukwa phala la ufa woyera limakhutitsa koma silikuza. Dzira limodzi lili ndi zambiri zimene thupi ndi ubongo wa mwana zimafuna, ndipo akhoza kuyamba kudya lophika bwino atakwana miyezi 6. Chikhulupiriro chakuti mayi woyembekezera akadya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi chilibe umboni, ndipo chamana amayi ambiri chakudya pa nthawi imene amachifuna koposa. Ulemu kwa mlendo ndi mwambo wabwino, ndipo tisautaye. Koma inu mukatiphera nkhuku, sitidzakhumudwa ngati chiwindi ndi ntchafu zipita m'mbale ya ana, tidzakondwa.

Kwa inu abambo tili ndi mawu awiri. Choyamba, kumanga khola ndi ntchito ya nkhwangwa ndi luzi, ndipo amayi akhala akuidikira kwa nthawi yaitali. Chachiwiri, nkhuku imene mayi wailera kuchokera ku dzira isagwidwe iye ali kumunda n'kukathera kumsika pa zinthu zosathandiza banja. Mayi akaona kuti thukuta lake limathera m'thumba la wina, amaleka kusamala, ndipo khomo lonse limasauka. Kugulitsa kukhale kogwirizana, ndipo nthawi yake isankhidwe mwanzeru: atambala okhwima agulitsidwe chilimwe chisanafike pachimake, kapena pa Khirisimasi pamene mtengo umakwera, m'malo modikira kuti matenda atisankhire tsiku.

Pomaliza, nkhuku za m'mudzi sizidziwa malire a makomo. Zimapalasa pamodzi ndi kumwera pamodzi, kotero kuti khola limodzi losatemera limasunga nthenda ya onse. Mutu umodzi susenza denga. Ife timakumana sabata ndi sabata, ndipo palibe malo ena m'mudzi pamene uthenga ungafike makomo ambiri pa nthawi imodzi. Tikupempha akulu a mpingo kuti pa zolengeza za kumapeto kwa Febuluwale, Juni ndi Okutobala azikumbutsa anthu tsiku la katemera, atafunsa kwa alangizi ndi kwa amfumu. Amayi a chigwirizano aone makomo a okalamba ndi odwala amene sangathe kugwira nkhuku zawo kapena kulipira wotemera. Achinyamata athandize amasiye kumanga makola. Ndipo pa nthawi ya masika, pamene nkhuku zochokera m'midzi yosiyanasiyana zimabwera ngati chopereka n'kumangidwa pamalo amodzi, tionetsetse kuti palibe yochokera kumudzi kumene kuli chitopa, ndipo woigula akaisunge payokha masabata awiri aja. Chisakhale chopereka chathu chimene chidzatsirize nkhuku za mbale wathu.

Madzulo ano, nkhuku zikamalowa, tiyeni tiime pakhomo la khola ndi kuziwerenga, tione imene yazyolika, tiyang'ane pansi pa mapiko, ndipo tilembe nambala yake kuseri kwa kalendala. Pakatha miyezi 12 ya katemera, tsache ndi dzanja la gaga, tidzawerengenso.

Mtendere ukhale nanu nonse ndi mabanja anu.